Dzina Sabwereketsa, Ngakhale kwa Msuweni

Rufunsa,
Januwale 1999

Esinati mwana wanga,

Ndikulemba kalata iyi ku shedi yanga ya njinga, pepala lili pa bokosi la masipanala, pamene iwe wapita kukatsanzika anzako a kwaya. Mapepala ndang'amba m'kope lako lakale la masamu, kumapeto komwe sunalembeko. Ukaona zala zakuda usadabwe, ndi girisi. Abwera kale anthu awiri ndi matcheni oduka ine ndili pakati polemba. Zilembo zanga ukuzidziwa, ndi za munthu amene analekera Giredi 4, ndiye uwerenge modekha. Ndikadakuuza pakamwa, koma nkhani iyi ndikangoiyamba amai ako amayamba kundithandiza, mpaka nkhani yonse yasanduka yawo.

Mawa m'mawa ukukwera basi ya ku Chipata kukayamba koleji ya uphunzitsi. Ndiyambe ndi zikomo. Unabadwa ine ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndisanadziwe n'komwe kuimika nkhokwe yoongoka, ndipo anthu ankaseka kuti ana abala mwana. Lero mwana wa ana aja ndiye woyamba pa mtundu wathu wonse kulowa koleji. Ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokoza amai ako, amene manja awo anapsa ndi mafuta a vitumbuwa pa msewu zaka zonsezi. Ndikuthokozanso iwe chifukwa cha chimene unandichitira uli ndi zaka khumi ndi zitatu. Ndifika pamenepo, chifukwa sindinakuthokozepo bwinobwino.

Koma chandigwiritsa bolopeni ndi china. Lachitatu ndinali kuseri kwa nyumba ndikumata chubu, ndinamva msuweni wako Dorini, mwana wa mlongo wanga Ba Jesina, akukunyengerera. Anati, "Iwe suwe, manje uli ndi satifiketi ya Giredi 12, nanga ya Giredi 9 uidya? Ndibwereke chabe. Ku Lusaka kuli sitolo ifuna mtsikana wa pepala. Masana ndidzakhala Esinati, ndikaweruka ndine Dorini." Munaseka nonse awiri. Kenako iwe unati, "Ndiganizapo." Mwana wanga, kuyambira tsiku limenelo nkhaniyi sikundichoka m'mutu. Kuseka kwanu kuja ndikukudziwa. Ndinasekapo choncho ine, ndipo kunandigoneka m'chitokosi masiku khumi ndi limodzi. Iwe ukudziwa kuti ndinamangidwapo, koma zolakwa zanga sindinakuuze. Lero uzimve.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kuseka. Yotamu, mwana wa malume anga amene anandilera, anali msuweni wanga wapamtima. Ukudziwa mmene chisuweni chimayendera. Msuweni akakuvula chipewa pamutu sukwiya, akakutukwana pagulu useka, akagwira nkhuku yako n'kudya umangomufunsa ngati mchere unakwana. Chaka cha 1990 titakolola, Yotamu anakhala kwathu sabata imodzi. Anali atangotuluka kundende pa mlandu wa nyama ya m'tchire, ndipo ntchito ya ulonda ku Lusaka ankamukana chifukwa dzina lake linali litada. Atapita ndinatsegula chitini cha koko chimene ndinkasungamo reji yanga, chiphaso cha boma chonena kuti ndine ndani, ndinapeza mulibe. Patapita miyezi iwiri ndinakumana naye pa siteshoni ya basi. Ndinati, "Suwe, reji yanga ili kuti?" Iye anakweza mawu kuti onse amve, "Reji yako ili pa ntchito m'tauni, mwini wake ali kumata machubu! Uilemekeze, ndi yakhama kupambana iwe!" Anthu anafa nacho chiseko. Inenso ndinaseka, chifukwa munthu wokwiyira msuweni amamuti sanaleredwe. Chithunzi cha pa reji ija chinali chakale, anandijambula ndili mnyamata, thukuta linali litachifufutitsa, ndipo ine ndi Yotamu tonse tinatengera chipumi cha agogo. Aliyense akadakhulupirira. Esinati, munthu akatenga pepala lako osapempha, wakubera, ngakhale akusekerera mano onse panja. Chipewa atenge. Dzina ayi.

Kulakwa kwachiwiri kunali kukhala chete. Zaka ziwiri zathunthu ndinalibe reji ndipo sindinauze munthu. Kumudzi kuno ndani angakufunse reji? Chimanga sichifunsa, njinga sifunsa. Amai ako atandifunsa ndinanama kuti ndinaisiya ku kopaletivu. Nthawi ya mavoti anzanga akupita kukaima pa mzere, ine ndinati mwendo ukuwawa. Ndinkachita manyazi kuti anthu ati Mwanza ndi chitsiru, anamulanda chiphaso ali maso. Ndinkaganizanso kuti ndikapita ku polisi ndiye kuti ndagulitsa mwana wa malume. Chonsecho zaka ziwiri zimenezo kunali Filimoni Mwanza wina ku Lusaka, akusaina m'mabuku, akulonjeza anthu, akuchita zimene ine sindidziwa mpaka lero. Ndikadapita ku polisi sabata yoyamba ija n'kunena chabe kuti reji yanga yatengedwa, akadandilembera lipoti lokhala ndi tsiku ndi chidindo, ndipo zonse zochitika pambuyo pa tsiku limenelo sizikadakhala zanga. Kapepala kamodzi chabe. Manyazi a tsiku limodzi ndinawaopa, ndinakolola manyazi a mudzi wonse. Iwe chikakuchitikira, tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, ukhale uli pa kauntala ya polisi. Usadikire kuti mwina chipezeka.

Kulakwa kwachitatu kunali kuthawa. Chinali chaka cha chilala chija, tikudya chimanga chachikasu, mwezi wa Ogasiti. Galimoto ya polisi inaima pompano pa shedi. Anatsika awiri n'kufunsa, "Filimoni Mwanza ndani pano?" Pa reji pamalembedwa mudzi ndi mfumu, ndiye sanavutike kundipeza. Ine m'malo moyankha ndinataya pampu n'kulumphira ku chigwembe cha kuseri. Sindidziwa chimene ndinkathawa, miyendo inangoganiza yokha. Anandigwira ndisanafike pa mtengo wa mango, patapata imodzi itatsala m'minga. Mmodzi anati, "Ngati sunalakwe, wathawiranji?" Anandikweza m'galimoto. Ku Lusaka ndiye anandiuza mlandu. Mlonda dzina lake Filimoni Mwanza, wa nambala ya reji yanga, anasowa pa 14 Juni pamodzi ndi malata odzaza lole ku nyumba yosungiramo katundu imene ankalonda. Mwana wanga, akadzakuitana pa nkhani imene sukuidziwa, upite wekha ndi miyendo yako, mapepala ali m'manja, ndi munthu wamkulu wokuperekeza. Wothawa amadziweruza yekha.

Ndipo ngakhale nditafika kumeneko ndinapitiriza kupusa. Masiku atatu ndinkangoti, "Reji inatayika, bwana, sindidziwa anaitola." Ndinkaganiza za malume, mmene anandisenzera pa phewa kupita nane ku chipatala ndili mwana. Tsiku lachinai kunabwera wapolisi wachikulire wa imvi, wolankhula motsitsa. Anandiyang'ana manja n'kuti, "Manja awa ndi a girisi, si a mlonda. Iwe pali amene ukumubisa. Dziwa kuti iye akugona pa bedi, iwe nsikidzi zikukudya muno. Ana uli nawo angati?" Ndinati atatu. Anati, "Nanga iwowo abisidwa ndi ndani?" Pamenepo ndinatchula Yotamu, ndinalira ngati mwana. Analemba zonse, koma anati mawu okha sakwana, pafunika umboni wa komwe ndinali pa 14 Juni. Bambo ameneyo dzina lake sindinalifunse, ndi kulakwa kwinanso kumeneko, koma ndimamupempherera. Iwe ukamafotokoza, unene zonse zimene ukudziwa, kuyambira tsiku loyamba, ngakhale zikukhudza wa magazi ako. Sukumupereka. Iye ndiye anayamba kukupereka.

Manje imva kulakwa kumene amai ako sadzaleka kundiseka nako. Ine mapepala ndinkawasuta. Kalata ya ubatizo, malisiti a feteleza, kalata imene a hedimasitala anandilembera posiya sukulu, zonse ndinapichiramo fodya. Ndinkati pepala likagwira ntchito yake latha, bola lithandize mapapo. Ndiye amai ako atabwera kudzandiona n'kumva za 14 Juni, anabwerera kunyumba akulira, chifukwa onse ankakumbukira kuti nthawi yozizira ndinadzitema phazi ndi nkhwangwa n'kugona ku chipatala cha mishoni ku Mpanshya, koma tsiku lake palibe ankalidziwa. Wina ankati Meyi, wina Julayi. Anakutumula chitini cha koko, anapeza mabatani ndi singano. Apo ndi pamene iwe, kamtsikana ka Giredi 7, unati, "Amai, khadi la atate lili mu wailesi." Ndiwe unkasintha mabatire, ndipo unaona kuti ndinapinda khadi la chipatala n'kulipanikiza kumbuyo kuti mabatire asamagwedere. Linapulumuka chifukwa linali lolimba, silikadapichika fodya. Unalitambasula, unawerenga mokweza, "Kulowa, 6 Juni. Kutuluka, 25 Juni." Amai ako amati anakhala pansi pa dothi osadziwa kuti akhala.

M'mawa mwake munabwereka njinga, iwe kumbuyo, amai ako akupalasa, mpaka ku Mpanshya. Asisitere anatsegula buku lalikulu, anapeza dzina langa ndi nambala ya bedi, analemba kalata n'kudinda chidindo. Kalata imeneyo unaisunga iwe m'kati mwa buku la Chingelezi mpaka ku Lusaka, chifukwa amai ako ankaopa kuti thukuta liiononga. Apolisi anaitananso mwini katundu amene anaberedwa malata aja. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi la chipsera n'kuti, "Uyu si iye. Uja anali ndi mpata m'mano, ndiponso pakamwa sipankatsekeka." Ndinatuluka tsiku la khumi ndi chimodzi. Iwe unali panja utakhala pa njerwa, utavala yunifomu chifukwa ndiyo inali diresi yako yabwino. Ndinangokugwira pamutu, osakuthokoza. Lero ndikunena. Zikomo, Esinati. Munthu amene ndinakupatsa dzina ndine, koma amene anandibwezera langa ndiwe. Fodya ndinasiya chaka chomwecho. Pepala lililonse lokhala ndi dzina lako ndi tsiku, kaya la chipatala, kaya la sukulu, kaya la tchalitchi, usunge. Sudziwa limene lidzakuyankhulire.

Kutuluka m'chitokosi sikunali kutha kwa ntchito. Wapolisi wa imvi uja anandiyitanira pambali n'kundiwerengera pa zala zoyenera kuchita, ndipo ndikukupatsira monga anandipatsira. Choyamba ndinatenga lipoti la polisi lonena kuti reji yanga inabedwa ndipo wina ankaigwiritsa ntchito. Kenako ndinapita ku khoti kukalumbira pa pepala kuti ine ndine Filimoni Mwanza weniweni, mwana wa uje, wobadwira kwakuti. A mfumu anandilembera kalata yoti amandidziwa kuyambira ndili wamng'ono. Ndinajambulitsa zithunzi. Ku ofesi ya mareji ku Lusaka ndinapita katatu, osati chifukwa cha iwo, koma chifukwa ulendo woyamba ndinaiwala zithunzi pa tebulo, wachiwiri ndinafika Loweruka. Ulendo wachitatu ndinatenga kope, ndinalemba tsiku, khomo limene ndalowa, ndi dzina la amene wandithandiza. Uzichita choncho. Ukangoti "anandiuza bambo wina wa tayi," palibe akumvere. Anandipatsa reji yatsopano ya nambala yomwe ija. Nambala ndinailoweza pamtima ngati pemphero. Iwenso uloweze yako, ndi nambala ya mayeso yomwe, kuti ngakhale zonse zitapsa ukhale ndi poyambira.

Chinanso chimene anandiuza, ndipo ndinkachita nacho mantha, ndicho kupita komwe dzina langa linaipitsidwa kukaonetsa nkhope. Ndinapita kwa mwini katundu uja, chipewa m'manja, ndinapempha kalata yonena kuti munthu amene anamulemba ntchito sindine. Analemba. Anandipatsanso tiyi, ati wandigonetsa pa simenti popanda chifukwa. Pobwerera ndinaima pa sitolo ya fotokope, ndinachulukitsa mapepala onse, apolisi anadinda chilichonse kuti n'chofanana ndi chenicheni. Mulu umodzi uli m'chitini, wina uli kwa akatekisiti. Kutchalitchi ndinaimirira pambuyo pa mapemphero n'kufotokoza zonse. Ndinkayesa andiseka. Atatu anandipeza panja n'kundinong'oneza kuti nawonso mareji awo ali ndi abale m'tauni. Mmodzi anakwera basi Lolemba lomwelo kukatenga yake. Yotamu sindinamusake. Anyamata ena anati tipite ku makomboni tikamupanikize, ndinakana. Ukamenya wakuba dzina, dzina lako lomwelo ndilo lilembedwe pa mlandu, ndipo ulendo uno mlanduwo ndi woona.

Usaganize kuti zikatere zatheratu. Patapita zaka ziwiri, iwe uli ku sukulu yogonera konko, kunatsika mai wina pa minibasi, mwana kumbuyo, chikwama m'manja. Anafunsira mpaka anafika pakhomo pathu n'kupeza amai ako akupeta. Anati, "Odi, ndine Rozi wa ku Lusaka. Ndifuna amuna anga, Ba Filimoni Mwanza. Anandisiya ndi mimba." Amai ako anaika lichero pansi mwaulemu kwambiri, ulemu umene ine ndimauopa, n'kuitana, "Atate ake Esinati! Bwerani kuno, akazi anu afika, mwana afanana ndi inu chipumi!" Ndinabwera sipanala ili m'manja. Ba Rozi anandiyang'ana n'kuti, "Awa ndani?" Amai ako anati, "Ndimafunanso kudziwa." Kenako analowa m'nyumba, anatulutsa chitini, anamuonetsa lipoti la polisi ndi kalata zonse. Mai uja analira, chifukwa anali atakwatiwa ndi dzina lopanda munthu. Anagona kwathu masiku awiri, amai ako anamumangira ufa ndi nyemba, ndipo tinamulozera kwa malume kuti aone mdzukulu wawo. Chikhala kuti panalibe mapepala aja, sindidziwa ngati banja lino likadakhalapo. Ndiye mapepala a nkhani yotere usataye ngakhale papite zaka. Dzina lobedwa limabala ana kumene iwe sunafikeko.

Tibwerere kwa Dorini. Sindikunena kuti ndi wakuba, ndi mwana wabwino, ndinamunyamula ali khanda. Yotamu nayenso tsiku lotenga reji sanaganize za malata, ankangofuna ntchito. Koma taganiza. Mu sitolo muja mukasowa katundu, ngakhale wotenga ali wina, buku lidzati Esinati Mwanza. Akadzakwatiwa kumeneko, akadzadwala, akadzakangana ndi munthu, ndi Esinati Mwanza. Iwe udzamaliza koleji, boma lidzafuna mapepala ako onse kuti likupatse sukulu yophunzitsa, n'kupeza Esinati Mwanza wina wa nambala yomweyo ali kale ndi mbiri yake. Udzawauza chiyani? Ine ndinatuluka chifukwa reji anachita kunditengera. Iwe ukapereka ndi manja ako, lipoti la polisi sulipeza, chifukwa mlandu udzakhala wa nonse awiri. Zaka khumi ndi ziwiri unavutikira sukulu, unayenda ndi mapazi, unawerengera pa koloboyi mpaka mphuno kuda. Pepala lija si pepala chabe, ndi zaka zimenezo.

Ndipo pali china chimene anthu sanena. Reji ija inandidyera msuweni. Yotamu sanabwerenso kuno. Malume anamwalira akuyang'ana kumsewu, pa maliro mwana wawo panalibe, ndinakumba manda ndine. Ndikadamugwira dzanja tsiku lija pa siteshoni n'kunena kuti, "Suwe, nthabwala yatha, bweza," akadandinyanyalira mwezi umodzi, lero bwenzi akubwera kudzandibera nkhuku ine n'kumamutukwana. Ndimamusowa, mwana wanga, ngakhale anandichita zimene anandichita. Palibe ankandiseketsa ngati iye. Ukamukana Dorini mawa adzatupa masaya. Ukamulola, tsiku lina mudzalephera kuyang'anana m'maso mpaka kumanda.

Ku koleji ukafika, reji ndi masatifiketi enieni uonetse polembetsa, uime pomwepo mpaka akubwezere m'manja. Akafuna chotsala nawo, uwapatse fotokope. Ndakuikira zinai zinai za pepala lililonse, zodindidwa kale, zili mu envulopu ya khaki pansi pa sutukesi, mkati mwa pulasitiki. Zina zinai zatsala m'chitini kuno. Kiyi wa sutukesi uzivala m'khosi, osati pansi pa pilo. Mnzako wa m'chipinda akhale wabwino bwanji, sopo mubwerekane, nsapato mubwerekane, envulopu asaidziwe. Mwamuna aliyense wokuuza kuti "bweretsa reji ndikakufunire ntchito ya holide," umufunse komwe kuli ofesiyo upite wekha. Usasaine pepala lopanda kanthu, ngakhale wokuuzayo avale jekete. Ndipo Loweruka lililonse utsegule envulopu uwerenge ngati zonse zilimo. Ukuseka, ndikudziwa. Uziti atate ndi amantha. Inde ndine wamantha, ndinagula mantha amenewa ndi masiku khumi ndi limodzi.

Koma zikachitika ndithu, chifukwa wakuba saona kuti uyu anasamala, usakhale pa bedi kulira. Pita ku polisi tsiku lomwelo utenge lipoti. Uuze akulu a koleji, alembe m'buku lawo. Ngati ndi satifiketi, ulembere a mayeso ku Lusaka, utchule nambala yako, utumize fotokope ya lipoti. Undilembere ine, kapena upatse kondakitala wa basi kalata, onse amaidziwa shedi ino. Sindidzakukalipira. Ndidzatseka shedi, ndidzanyamula chitini, ndidzafika. Njira ya maofesi ndinailipira kale ndi mapazi anga, iwe sudzasochera monga ndinasochera ine.

Lero m'mawa ndinapita kwa atate ako aakazi, Ba Jesina. Ndinawauza kuti nkhani ya satifiketi ndaimva ndipo ine sindikuifuna. Anati, "Achimwene, chibale ndi fupa, sichiola. Mwana wanu akwere basi, wanga azitola nkhuni?" Ndinati, "Fupa lomwelo ndinalitafuna ine m'chitokosi, mlongo wanga, munkabwera ndinu ndi mbatata kudzandiona." Ndinawauza kuti mbuzi yanga yaikazi ija ya mawanga ndaipereka kwa Dorini, igulitsidwe, alembetse mayeso a Giredi 9 kachiwiri, alembe ndi dzina lake. Mabuku ako akale ali m'katoni, ndi ake. Pa holide uzimuthandiza masamu, ndiwe mphunzitsi tsopano. Ba Jesina sanandipatse mpando ndipo sanandiperekeze, koma mbuzi sanaikane. Mkwiyo wawo ndausenza ine, iwe usauope.

Ndikuuze zoona, dzulo ndinatsegula sutukesi yako, ndinaigwira satifiketi ya Giredi 9 ija kuti ndiibise m'chitini mpaka basi itanyamuka. Ndinaima nayo m'manja kanthawi. Kenako ndinaona kuti kutenga pepala la munthu iye osadziwa, n'kumati ndikumufunira zabwino, ndi zomwe anachita Yotamu. Ndinaibwezera. Ili mu envulopu, pamwamba pa zonse. Ndi yako, ndipo wonena ndiwe.

Kalata iyi ndikupatsa ukabwera ku kwaya, uiwerenge lero usanagone, osati m'basi. Mawa Dorini adzakhala pa siteshoni, ndikumudziwa, adzakukoka sutukesi anthu akuona, adzati, "Suwe, wakhwima liti? Pepala chabe!" Onse adzaseka. Useke nawo ngati ufuna. Umupatse duku lako latsopano lija, umutukwane kuti miyendo yake ili ngati masipoko, umukumbatire. Koma dzanja lina likhale pa kiyi. Ine ndidzakhala chapafupi ndikupopa tayala la munthu, sindidzanena kanthu.

Upite bwino, mwana wanga. Uzidya, uzipemphera, uzilemba. Mulungu amene anasunga khadi mu wailesi akusunge ndi iwe.

Ndasaina dzina lonse, lione bwino, ndi lija unapita nalo ku Lusaka m'buku la Chingelezi.

Ndine atate ako,
Filimoni Mwanza